Mgodi wa yureniyamu ukadzatsekedwa, zotsala adzaziyang'anira ndani?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Karonga, ndipo kwathu timamwa madzi a mtsinje wa North Rukuru ndi kuthirira nawo madimba. Mgodi wa Kayelekera unaima zaka zambiri ndipo tsopano wayambiranso. Ana a m'kalasi mwanga anandifunsa kuti miyala ikadzatha, kampani n'kunyamuka, ndani adzaonetsetse kuti malowo akonzedwa, nanga adzadziwa bwanji kuti akonzekadi? Ndinasowa chowayankha.

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo afunsa funso limene mayiko olemera analifunsa mochedwa, ndipo ena mwa mayikowo akulipirabe mpaka lero chifukwa cha kuchedwako. Yankho langa lalifupi ndi lakuti ntchito yokonza malo ndi ya mwini chiphaso cha mgodi, ntchito yoweruza ngati akonzadi ndi ya mabungwe a boma, koma mphamvu ya mabungwewo imakhalapo pamene mgodi ukupanga ndalama, ndipo ikadutsa nthawi imeneyo amatsala ndi makalata okha. Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyambe ndi chimene chimatsala pa malowo.

Mayi akakonola chimanga amasunga mphale, gaga n'kupatsa nkhuku, chifukwa chofunika chonse chili mu mphale. Pa mgodi wa yureniyamu choopsa chimatsalira mu gaga. Pa tani imodzi ya miyala yonga ya ku Kayelekera pamatuluka yureniyamu wokwana kilogalamu imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Miyalayo imaperedwa mpaka kusalala ngati ufa, imanyikidwa mu asidi kuti yureniyamu asungunuke, ndipo zotsala zonse zimapopedwa ngati matope kupita ku damu lalikulu. Matope amenewa, amene pa mgodi amawatchula kuti tailings, amasunga pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a cheza choopsa chimene chinali m'miyala, popeza asidi uja amatenga yureniyamu n'kusiya zinthu zina zobadwa kuchokera kwa iye, makamaka thorium-230 ndi radium-226. Radium-226 amafuna zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka, pamene thorium-230, amene amabala radium watsopano mosalekeza, amafuna zaka pafupifupi 75,000. Zinthuzi zinalimo kale m'nthaka ya ku Karonga anthu asanabwere, koma zinali zotsekeredwa m'thanthwe pansi pa nthaka, ndipo tsopano zili pamtunda, zoperedwa, pamene mvula ndi mphepo zingazifikire.

Njira zimene zimafikira munthu si zambiri. Radium amatulutsa mpweya wa radon, wopanda fungo ndi mtundu, umene ukaunjikana m'nyumba umayambitsa khansa ya m'mapapo. Madzi odutsa m'matope amanyamula yureniyamu wotsalira, asidi ndi zitsulo zina kupita ku zitsime ndi mitsinje, ndipo yureniyamu akamwedwa nthawi yaitali amawononga impso, mwa poizoni wake monga chitsulo kuposa mwa cheza chake. Matope akauma amasanduka fumbi. Njira yachinayi ndi imene anthu amaiiwala, ndiyo manja a anthu eniake, pakuti matope oumawo amaoneka ngati mchenga wabwino womangira. Mu mzinda wa Grand Junction ku Colorado, m'dziko la America, anthu ankatuta mchenga wotere kwaulere kuyambira m'ma 1950 mpaka mu 1966, n'kumayala pansi pa nyumba, masukulu ndi misewu, ndipo pambuyo pake boma linachita kufukula ndi kuyeretsa malo oposa 4,000. Ku Mounana m'dziko la Gabon, kumene mgodi unatsekedwa mu 1999, nyumba zambiri zinagwetsedwa ndi kumangidwanso pa chifukwa chofanana.

Pano ndikonze kaye chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ambiri. Zimene zinachitika ku Kayelekera mu 2014, pamene kampani ya Paladin Energy ya ku Australia inaimitsa ntchito mitengo ya yureniyamu itagwa, sikunali kutseka mgodi ayi. Kunali kuimitsa kaye, makina akusamalidwa, madzi a m'madamu akuyeretsedwa, chiphaso chikadali m'manja mwa mwiniwake. Mu 2020 magawo a Paladin anagulidwa ndi kampani ya Lotus Resources, imene inayambiranso kupanga yureniyamu mu 2025 ndi chiyembekezo cha zaka pafupifupi 10. Kutseka kwenikweni ndi kwina: fakitale imaphwasulidwa, nthaka yoipitsidwa imakokoledwa, matope amakwiriridwa, madzi apansi amayezedwa zaka zambiri, ndipo pamapeto pake bungwe loyang'anira limasaina kuti mwini chiphaso wamasuka. Siginecha yomalizayo ndiyo chinthu chamtengo wapatali kwambiri chimene boma lili nacho, chifukwa ikangoperekedwa, vuto lililonse lotulukira pambuyo pake limagwera anthu okhoma msonkho.

M'Malawi muno udindowu wagawidwa kwa mabungwe angapo. Lamulo la Atomic Energy Act la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, limene limaona za cheza ndi zinyalala zake. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 linakhazikitsa Malawi Environment Protection Authority, lamulo la migodi la mu 2023 linabweretsa Mining and Minerals Regulatory Authority, ndipo za kutaya madzi m'mitsinje zili m'manja mwa National Water Resources Authority. Mukayang'ana zakazi muona kuti mgwirizano wa boma ndi Paladin unasainidwa mu 2007 ndipo mgodi unatsegulidwa mu April 2009, kutanthauza kuti mgodi unabadwa lamulo loyang'anira cheza lisanabadwe. Lero malamulo alipo, ndipo chimenecho n'chabwino, koma pamene alonda ali anayi pamafunika kulemba poyera kuti wotseka chipata pomaliza ndani, kuopera kuti aliyense angadzaganize kuti mnzake ndiye waona. Palinso mfundo yakuti boma lili ndi magawo 15 pa 100 mu mgodiwu, choncho ndi mwini komanso woweruza nthawi imodzi. Bungwe la mayiko loona za nyukiliya la International Atomic Energy Agency, limene Malawi analowa mu 2006, limanena momveka m'malangizo ake kuti woyang'anira akhale woima payekha, wosalamulidwa ndi ofuna kuti ntchito ya nyukiliya ipite patsogolo, ndipo ine ndimaona kuti kuima payekha kumeneku kumayesedwa pa zinthu wamba: kodi bungwelo lili ndi galimoto yake, mafuta ake, makina ake oyezera, kapena limadikira kunyamulidwa ndi amene likukawayendera?

Nanga adzadziwa bwanji kuti malo akonzekadi? Mawu akuti "kukonza bwino" alibe ntchito ngati sanasandutsidwe manambala ntchito isanayambe. Muyezo wovomerezeka m'mayiko ambiri ndi wakuti munthu wamba asalandire cheza choonjezera choposa millisievert imodzi (muyezo wa cheza chimene thupi lalandira) pa chaka kuchokera ku ntchito za anthu, pamwamba pa cheza cha chilengedwe chimene pa dziko lonse chimakhala pafupifupi 2.4 pa chaka. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linaika malire a yureniyamu m'madzi akumwa pa mamaikulogalamu 30 pa lita imodzi (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Ku America, potsatira lamulo la mu 1978 lokhudza matope a yureniyamu, anaika kuti chokwirira matopewo chiyenera kupangidwa kuti chipirire zaka 1,000 ngati n'kotheka, koma zosachepera 200. Ku mgodi wa Ranger kumpoto kwa Australia, pa malo a anthu a mtundu wa Mirarr ozunguliridwa ndi nkhalango yotetezedwa ya Kakadu, boma linalamula kuti matope onse abwezeredwe m'maenje momwe miyala inakumbidwa ndipo asafikire chilengedwe kwa zaka 10,000. Manambala otere amakhala ndi tanthauzo pokhapokha pali miyezo ya m'mene malo analili mgodi usanayambe, chifukwa dera lokhala ndi miyala ya yureniyamu limakhala kale ndi cheza chokwererapo, ndipo popanda miyezo yoyambirirayo mkangano wakuti "izi zinalipo kale" sutha.

Chokwirira chimene ndikunenachi si kungothira dothi ndi kudzala udzu. Pamwamba pa matope amayala dongo lokhuthala, lotsenderedwa ndi makina likadali lonyowa, ndipo ntchito yake ndi kuchedwetsa radon, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 3.8 okha, kuti azifera m'kati asanatulukire kunja. Pamwamba pa dongo pamabwera mchenga ndi timiyala totulutsira madzi m'mbali, kenako miyala ikuluikulu yoletsa kukokoloka. Pofuna kudziwa ngati chagwira ntchito, oyeza amavundikira pamwambapo zitini zokhala ndi makala apadera okoka radon, m'malo 100 kapena kuposerapo, amazisiya tsiku limodzi lathunthu, kenako amazimata n'kupita nazo kukawerenga. M'madera otentha chokwirirachi chili ndi adani amene mabuku olembedwera mayiko ozizira sawatchula kwambiri. Ku Rum Jungle, mgodi wina wa kumpoto kwa Australia umene unatsekedwa mu 1971 utaipitsa mtsinje wa Finniss, boma linakwirira milu ya miyala m'ma 1980 ndipo poyamba zinkaoneka kuti zatheka, koma patapita zaka dongo linang'ambika ndi chilimwe, mizu ndi chiswe zinaboola njira, madzi anayambanso kulowa, ndipo ntchitoyo ikuchita kubwerezedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: phiri lobiriwira bwino si umboni wakuti pansi pake pali mtendere. Kwanuko muonjezerepo mvula yamphamvu yokumba zigwembe, moto wa tchire, ziweto, ndiponso zivomezi zonga zija zinagwedeza Karonga mu December 2009, chachikulu chake chofika pa 6.0. Woyang'anira wanzeru amafunsa kuti khoma la damu linawerengeredwa chivomezi chachikulu bwanji ndi mvula yochuluka bwanji, pa zaka mazana, osati pa zaka za mgodi zokha.

Madzi ndiwo amavuta kuposa zonse, ndipo ndi amene amakukhudzani inu, popeza mtsinje wa Sere umene umadutsa pafupi ndi mgodi umathira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amathira m'nyanja ya Malawi. Ndatungapo madzi kambirimbiri m'zitsime zoyezera, ndipo ndikuuzeni kuti nambala imene imalembedwa pa lipoti imadalira tinthu ting'onoting'ono. Sutenga madzi oyamba kutuluka, chifukwa agonera m'paipi. Umapopa kaye mpaka kachipangizo koyeza asidi ndi mchere kasiye kusinthasintha. Kenako umasefa madziwo, umadonthezamo asidi pang'ono kuti zitsulo zisamatirire ku khoma la botolo, umamata chivundikiro, umalemba tsiku ndi nambala ya chitsime, ndipo botololo limalowa m'bokosi la madzi oundana limodzi ndi pepala limene aliyense woligwira amasainapo mpaka likafike ku labotale. Munthu wofulumira kapena wofuna nambala yokoma angathe kusintha zotsatira pa sitepe iliyonse popanda kulemba bodza ngakhale limodzi. N'chifukwa chake makampani amaloledwa kudziyeza okha, popeza ndi amene ali pamalopo tsiku ndi tsiku, koma woyang'anira ayenera kumabwera, nthawi zina mosalengeza, kudzagawa madzi a chitsime chimodzi m'mabotolo awiri, lina la kampani, lina lopita ku labotale yosankha iye. Australia inakhazikitsa mu 1978 ofesi ya Supervising Scientist kuti izichita zimenezi ku dera la Ranger, ndi asayansi ake ndi zipangizo zake m'mitsinje.

Tsopano ndifike pa ndalama, pamene nkhani zambiri zotere zimathera. M'mphepete mwa mtsinje wa Colorado, pafupi ndi tauni ya Moab ku Utah, m'dziko la America, fakitale yopera miyala ya yureniyamu inagwira ntchito kuyambira mu 1956 mpaka mu 1984, n'kusiya mulu wa matope wolemera matani 16 miliyoni, wopanda choyala pansi, ukudonthezera ammonia ndi yureniyamu m'madzi apansi olowera mu mtsinje umene anthu mamiliyoni ambiri amamwa. Mwini wake, kampani ya Atlas, anali ndi chiphaso chochokera ku bungwe la boma loyang'anira za nyukiliya la Nuclear Regulatory Commission, anali ndi dongosolo lokwirira muluwo pomwepo, ndipo anali atapereka chikole, ndalama zosungidwa kuti zidzakonzere malowo iye akadzalephera. Koma chikolecho sichinkakwana madola 7 miliyoni, ndipo mu 1998 kampaniyo inalengeza kuti yagwa. Woyang'anira anatsala ndi malamulo onse m'manja koma wopanda womulamula. Nyumba ya malamulo inachita kusamutsira malowo ku unduna wa zamphamvu wa dzikolo, umene mu 2005 unagamula kuti mulu wonse uchotsedwe pamtsinjepo, ndipo mu April 2009, mwezi womwewo umene Kayelekera ankatsegulidwa, sitima yoyamba ya pamtunda inanyamuka ndi matope kupita ku Crescent Junction, mtunda wa makilomita 48. Ntchitoyo yatenga zaka zoposa 15 ndipo mtengo wake wonse akuuyerekeza pa madola pafupifupi 1 biliyoni, olipiridwa ndi anthu wamba. Palibe amene anaba chikole cha ku Moab. Chinangowerengedwa pa dongosolo lotchipa kwambiri, ndipo sichinakwezedwe mokwanira pamene kampani inali ndi ndalama.

Ngakhale kumene kampani ili yamphamvu, mtengo umakwera. Ku Ranger, kumene ntchito yopanga yureniyamu inatha mu January 2021, kampani ya Energy Resources of Australia inawerengera mu 2019 kuti kukonza kudzadya madola a ku Australia 973 miliyoni, koma pofika mu 2022 inalengeza kuti ndi pakati pa 1.6 ndi 2.2 biliyoni, ndipo tsiku lomalizira la January 2026 linaoneka kuti silingatheke. Kumeneko mwayi ndi wakuti kumbuyo kuli Rio Tinto, kampani yaikulu imene yakhala ikuthiramo ndalama. Ku Kayelekera chikole cha zachilengedwe chimene chakhala chikutchulidwa kuyambira nthawi ya Paladin ndi madola 10 miliyoni a ku America. Mgodiwu ndi waung'ono poyerekeza ndi Ranger, choncho sikoyenera kungofanizira manambala, komabe maganizo anga ndi akuti chikole chisamakhale nambala yokhazikika yolembedwa kamodzi. Chiziwerengedwanso zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, ndi katswiri wosalipidwa ndi kampani, pa funso ili: mwini atachoka mawa m'mawa, boma lingalipire zingati kontirakitala wina kuti amalize zonse, kuphatikizapo kuyeretsa madzi zaka zambiri? Ndalamazo zikhale m'banki kapena m'chitsimikizo cha banki chimene boma lingatape popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Sindikunena izi poganizira kampani ina zoipa. Mtengo wa yureniyamu unagwa pambuyo pa ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, m'dziko la Japan, mu 2011 popanda aliyense wa ku Karonga kulakwa, ndipo ungadzagwenso.

Chinanso chimene chikole chokwanira chimachita ndi kukakamiza mwini mgodi kuti azikonza akukumba, chifukwa malo alionse amene wamaliza kukwirira amachepetsa ndalama zake zomangidwa. Makina, madalaivala ndi mainjiniya akadali pamalopo, kukwirira mulu wa miyala kumakhala kotchipa kwambiri kuposa kudzaitana anthu atsopano zaka khumi pambuyo pake.

Latsala gawo lomaliza la funso la ana anu, lakuti kampani ikadzamasulidwa malowo adzakhala a yani. Palibe kampani imene ingalonjeze kukhalapo zaka 1,000. Ku America anathetsa nkhaniyi polamula kuti malo okwiriridwa matope asamutsidwire ku boma, mwini wakale apereke ndalama za ulonda wa mtsogolo, ndipo kuyambira mu 2003 pali ofesi ya Legacy Management imene imayendera malo otere chaka ndi chaka, kuona zikwangwani, mipanda, zigwembe ndi zitsime. Pamene palibe wolowa m'malo wotere, zimachitika zonga za ku Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, kumene a ku Belgium anatseka mgodi wa yureniyamu ndi konkire pochoka mu 1960, koma patapita zaka anthu osauka anayamba kukumbamo pofuna miyala ya cobalt, mpaka mu July 2004 pansi panagumuka n'kupha anthu 8. Konkire ndi mpanda sizikumbukira chifukwa chimene zinaikidwira. Kwathu kuno, kumene malo amagawidwa ndi mafumu ndipo malo athyathyathya opanda mwini sachedwa kulimidwa, ndikuona kuti malire a pamalo okwiriridwa ayenera kulembedwa ku ofesi yoona za malo, kwa bwanamkubwa, ndiponso kwa mafumu a deralo, ndi mawu omveka m'zilankhulo za kumeneko akuti pano pasamangidwe nyumba, pasakumbidwe chitsime, pasatengedwe mchenga kapena dothi loumbira njerwa.

Inu monga mphunzitsi muli ndi chochita chimene sichifuna digiri ya sayansi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulembera mabungwe ndatchula aja kupempha dongosolo lotsekera mgodi limene likugwira ntchito pakali pano, kuchuluka kwa chikole ndi tsiku limene chinawerengedwa komaliza, ndiponso zotsatira za miyezo ya madzi. Pa miyezo ya madziyo musalandire chiganizo chimodzi chakuti "zonse zili bwino". Pemphani manambala enieni a malo atatu, kumtunda kwa mgodi, kumunsi kwake pa Sere, ndi pa North Rukuru pamene mitsinje yakumana, a nyengo ya dzinja ndi ya chilimwe, pamodzi ndi miyezo imene inatengedwa pa malo omwewo mgodi usanayambe, ndipo mufunse kuti mwa manambalawo ndi ati amene boma linayeza lokha. Nambala imodzi yokwera pambuyo pa mvula yamkuntho siyenera kukuchititsani mantha, ndipo nambala imodzi yotsika siyenera kukugonetsani tulo. Choyenera kuyang'ana ndi kumene mzere ukulowera pa zaka zisanu kapena khumi, ndi kutalikirana kwake ndi malire aja a mamaikulogalamu 30. Ana a Fomu 3 angathe kujambula mzere umenewo pa pepala la magirafu mu phunziro limodzi la masamu, ndipo pepalalo mungalisunge mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu kuti kalasi ya chaka chamawa idzaonjezerepo kadontho kake.